Musaope Cibvomezi, Opani Cipupa Canu

Acinyamata anzanga, nkhani imene ndifuna tikambirane mwezi uno ena adzaiona ngati yosayenera m'magazini ya mpingo. Adzati za miyala ndi nthaka tisiyire a sayansi, ife tizikamba za kumwamba. Ine nditi paliponse pamene pali moyo wa munthu, pamenepo mpingo uli ndi mau. Nkhani ya zibvomezi ikhudza moyo wanu, moyo wa ang'ono anu, ndi moyo wa agogo aja amene amakhala pa benchi yakutsogolo m'chalichi mwanu.

Nthaka ya Zambia yakhala ikugwedezeka. Mu Januwale 2016 anthu a ku Chirundu ndi ku Lusaka anaimva. Mu Febuluwale 2017 cibvomezi ca mphamvu ya 5.9 cinagwedeza dera la Kaputa, kumpoto. Kumapeto kwa 2024 nthaka inanjenjemera kangapo ca ku Kariba ndi ku Chirundu. Nthawi iriyonse zocitika zake n'zimodzi-modzi. Mbale zilira m'kabati, malata acita phokoso, anthu athamangira pabwalo ndi kufunsana kuti, "Kodi inunso mwamva?" Mawa lake nkhani yatha.

Isanathe, mumamva mau a mitundu iwiri. Wina aimirira ndi kufuula kuti dziko latha, Mulungu wakwiya, bwerani ndi copereka tikupempherereni. Wina aseka ndi kunena kuti zibvomezi zeni-zeni ndi za ku Japan, kuno kwathu n'kwa mtendere, gonani tulo. Ndifuna ndikuuzeni poyera kuti onse awiri akukunamizani, ndipo bodza lao likhoza kuphetsa anthu.

Pansi pa mapazi athu

Tengani mapu a Africa ku sukulu kwanu muyang'ane nyanja zathu. Nyanja ya Tanganyika ndi yaitali koma yopapatiza. Nyanja ya Malawi ndi cimodzi-modzi. Ya Rukwa, ya Kivu, ya Albert, zonse zandandana ngati mikanda pa cingwe. Sizinakhale conco mwangozi. Mbali ya kum'mawa ya Africa ikupatukana pang'ono-pang'ono ndi mbali yotsalayo, mamilimita ocepa cabe pa caka, mocedwa kuposa m'mene zikhadabo zanu zimakulira. Pamene nthaka inang'ambika ndi kutitimira, madzi anadzazapo. Ndico cifukwa cake nyanja ya Tanganyika, m'mene a ku Mpulungu amaphamo kapenta, ndi yozama mamita pafupi-fupi 1,470, ndipo ndiyo yaciwiri kuzama pa dziko lonse lapansi.

Ming'alu imeneyi sinathere pa malire. Nthambi zake zinalowa m'dziko lathu, kudzera ku nyanja ya Mweru, m'cigwa ca Luangwa ndi m'cigwa ca Zambezi. Amene munakwerapo basi kucoka ku Lusaka kupita ku Chipata mudziwa madzi otentha a pa Chinyunyu. Madzi amenewo amalowa pansi kwambiri, kumene miyala ndi yotentha, kenaka amabwerera kumtunda kudzera m'ming'alu. Ndi umboni umene mungaukhudze ndi cala.

Miyala ya mbali ziwiri za mng'alu siyenda mosalala. Imagwirana zolimba, pamene mphamvu yoikoka ikuculukira-culukira kwa zaka makumi kapena mazana, monga m'mene mumapindira ndodo youma pa bondo. Tsiku lina imatsetsereka mwadzidzidzi, ndipo nthaka yonse yozungulira imanjenjemera. Cimeneco ndico cibvomezi. Ku Kariba kuli cinanso coonjezera, ndico kulemera kwa madzi. Damu linatha kumangidwa mu 1959, ndipo nyanja itadzaza, mu Seputembala 1963, kunacitika zibvomezi zotsatizana, cacikulu mwa izo ca mphamvu pafupi-fupi 6. Akulu-akulu Acitonga amakamba za Nyaminyami amene anapatulidwa ndi mkazi wake cifukwa ca khoma la damu. Kafotokozedwe kao n'kosiyana ndi ka a sayansi, koma iwo anazindikira msanga kuti nthaka ya kumeneko siigona.

"Kuno n'kwa mtendere"

Tsopano tiyeni kwa munthu woseka uja. M'funseni ngati anamvapo za tsiku la 13 Disembala 1910. Tsiku limenelo cibvomezi ca mphamvu yoposa 7 cinacitika ca kumwera kwa nyanja ya Tanganyika, ku mbali ya Tanzania, pafupi ndi malire athu a ku Mbala. Cinali cimodzi mwa zazikulu koposa zimene zinalembedwapo mu Africa. Nthawi imeneyo kunalibe matauni akulu kumeneko, ndipo anthu anali kugona m'nyumba za mitengo ndi udzu. Lero cibvomezi conga comweco cingapeze masukulu ogonera komweko, zipatala ndi misika.

M'funseninso za Salima, ku Malawi, ulendo wa maola ocepa cabe kucoka ku Chipata. Pa 10 Marichi 1989 cibvomezi coposa 6 cinapha anthu 9 ndi kusiya anthu pafupi-fupi 50,000 opanda pogona. Anthu amenewo amalankhula cinenero cathu, amaumba njerwa ndi dothi longa lathu, amamanga monga timamangira ife. Mu Disembala 2005 ca mphamvu ya 6.8 cinagwedeza nyanja ya Tanganyika pafupi ndi Kalemie ku Congo. Mu Febuluwale 2006 ca mphamvu ya 7.0 cinacitika ku Machaze m'dziko la Mozambique. Mu Seputembala 2016 ca mphamvu ya 5.9, cofanana ndi ca ku Kaputa cija, cinapha anthu oposa 15 ku Bukoba m'dziko la Tanzania ndi kuononga masukulu. Aneba athu a kumpoto, a kum'mawa ndi a kumwera cakum'mawa onse analira maliro. Kodi ife tiri ndi cikalata canji cotipatula? Makolo anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Ena amaonjeza kuti Zambia ndi dziko Lacikristu, motero zotere sizingafike. N'zoona kuti mu Disembala 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza conco, ndipo mauwo analowa m'malamulo a dziko mu 1996. Koma kulengeza sikulimbitsa matope a pakati pa njerwa. Ku Karonga kuli Akristu. Ku Salima kuli Akristu. Ku Haiti anthu anafera m'machalichi. Cilala cimatifika, kolera imatifika, madzi osefukira amatifika. Nanga cibvomezi cidzaima pa cipata ca Mwami kuti cionetse pasipoti?

Tating'ono sititicotsera cacikulu

Pali bodza lina lokoma m'khutu, ndipo ngakhale ophunzira amalinena. Amati tizibvomezi tating'onoti n'tabwino cifukwa timaphwetsa mphamvu ya pansi, monga kubvundukula mphika wowira. Ndikanakonda zikanakhala zoona. Koma tengani pensulo tiwerenge.

Pa sikelo imene akatswiri amayezera zibvomezi, kukwera nambala imodzi ndiko kuculukitsa mphamvu pafupi-fupi ka 32. Cibvomezi ca 5 ciposa ca 4 ka 32. Ca 6 ciposa ca 4 ka 1,000. Ca 7 ciposa ca 4 pafupi-fupi ka 32,000. Ndiye kuti nthaka itamagwedezeka ndi cibvomezi ca 4 tsiku lirilonse osaphonya, pangapite zaka zoposa 80 kuti iphwetse mphamvu ya cibvomezi cimodzi conga ca mu 1910. Uku n'kukapa nyanja ndi cipande.

Kodi pamenepa ndikunena kuti kagwedezedwe kalikonse n'kalambula-bwalo wa cacikulu? Iai. Tambiri timangopita popanda cotsatira. Koma nthawi zina cacikulu cimabwera pambuyo pa zocepa. Ku Karonga, mu Disembala 2009, nthaka inayamba kugwedezeka pa 6, inabwereza pa 8 ndi masiku otsatira, ndipo cacikulu koposa, ca mphamvu ya 6.0, cinafika pa 19. Anthu 4 anafa m'masiku amenewo, ndipo nyumba zikwi-zikwi zinagwa kapena kung'ambika. Bvuto n'lakuti cibvomezi cimadziwika kuti cinali kalambula-bwalo pokhapo cacikulu citafika kale. Akatswiri angatiuze malo oopsa, angatiuze kukula kumene tingayembekezere, koma tsiku ndi ola palibe pa dziko lonse amene angazichule. Tizibvomezi tating'ono tingotiuza cinthu cimodzi: mng'alu ulipo, ndipo uli moyo.

Ogulitsa mantha

Ngati akatswiri okhala ndi makina ao sadziwa tsiku, nanga uyu wa pa WhatsApp analidziwa bwanji? Nthaka ikangoti gwede, uthenga uyamba kuyenda: mneneri wakuti analosera, cacikulu cifika Lacisanu usiku, tumizani kwa anthu khumi. Lacisanu lipita, Loweruka lipita, palibe amene abweranso kudzapepesa. Agogo agona pabwalo pa mphepo, ana adwala cifuwa, wina wagulitsa mbuzi kugula mafuta odzozera zipupa. Coipa koposa n'cakuti anthu akanamizidwa kawiri kapena katatu amaleka kumvera ngakhale cenjezo loona.

Buku la Deuteronomo, mutu 18, linatipatsa kale muyezo: ngati cimene munthu walosera m'dzina la Mulungu sicicitika, ndiye kuti sanatumidwe, ndipo sitiyenera kumuopa. Ambuye Yesu pa Mateyu 24 anachuladi zibvomezi, koma m'mutu womwewo anacenjeza ophunzira ake za onyenga, ndipo anaonetsa kuti tsiku lomaliza n'lobisika kwa anthu onse. Zibvomezi zinalipo m'masiku a mfumu Uziya, mneneri Amosi anacichula cimodzi. Zinalipo m'masiku a atumwi. Munthu amene asandutsa kagwedezedwe kalikonse kukhala belu la cimaliziro sanawerenge bwino Baibulo lake.

Ndikaniranso mau akuti amene agweredwa nyumba ndiye kuti anali ndi macimo oposa a ena. Werengani Luka 13. Nsanja inagwa ku Siloamu ndi kupha anthu 18, ndipo Yesu anakana kwa mtu wa galu kuti iwo anali oipa kuposa anzao a mu Yerusalemu. Anaitana onse kuti alape, koma sanaloze cala akufawo. Khanda limene lagweredwa khoma usiku lacimwa ciani? Ngati pali chimo pamenepo, lifuneni kwa amene anamanga khomalo.

Cimapha ndi cipupa

Apa ndi pamene pagona nkhani. Munthu ataima pakati pa munda wa cimanga, cibvomezi cingamugwetse pansi, koma kawiri-kawiri adzadzuka ndi kusasa fumbi. Cimene cimapha anthu ambiri ndi cimene anthu anamanga.

Caka ca 2010 cinapereka phunziro limene dziko siliyenera kuiwala. Mu Januwale cibvomezi ca 7.0 cinacitika pafupi ndi likulu la Haiti, ndipo anafa anthu oposa 100,000. Mwezi wotsatira ca 8.8 cinagwedeza Chile. Mphamvu yake inaposa ya ca ku Haiti pafupi-fupi ka 500, koma anafa anthu oposa 500 pang'ono, ndipo ena mwa iwo anakokoloka ndi mafunde a panyanja. Zifukwa ziripo zingapo, koma cacikulu n'cakuti ku Chile kuli malamulo okhwima a kamangidwe ndipo amatsatidwa, pamene ku Haiti munthu anali kumanga m'mene wafunira. Ku Morocco, mu Seputembala 2023, anthu pafupi-fupi 3,000 anafa, ambiri m'midzi ya m'mapiri m'nyumba zolemera za dothi ndi miyala.

Tsopano yendani m'komboni mwanu ndi maso otsegula. Muona mabuloko amene amanyenyeka mukangowakanda ndi cikhadabo, cifukwa woumba anafuna poketi imodzi ya simenti ibale mabuloko a mapoketi awiri. Muona nyumba zopanda lamba wa konkire ndi zitsulo uja womanga zipupa zonse pamodzi pamwamba pa mazenera, amene amisiri amamucha ring beam. Muona ngodya zimene njerwa zake sizinalumane, zipupa zangogundana ngati anthu odana. Muona malata opsinjidwa ndi miyala yaikulu m'malo mwa misomali, ndipo pansi pake pagona ana. Muona mipanda yaitali ya mabuloko yopanda nsanamira, m'mbali mwa njira imene ana a sukulu amadutsa. Muona nyumba imene maziko ake anakumbidwa kuti isenze denga limodzi, lero aikapo nyumba ina pamwamba kuti lendi iculuke. Kunja penti wonyezimira. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndidziwa cimene mudzandiyankha. Mudzati simenti yadula, wosauka acite bwanji? Funso limeneli n'loona ndipo sindiripeputsa. Koma zambiri zopulumutsa moyo sizifuna ndalama zambiri. Kulumanitsa njerwa pa ngodya n'kwaulere. Kuthirira simenti masiku angapo kuti ikhwime kufuna madzi ndi khama cabe. Kusaika zenera pafupi kwambiri ndi ngodya, kusatalikitsa cipupa popanda cocirikiza, kucotsa bedi pafupi ndi khoma long'ambika, zonsezi ndi nzeru, si cuma. Ndipo nyumba ya makolo athu ya mitengo yomangidwa ndi luzi, yomata dothi, ya denga la udzu, kawiri-kawiri imapirira kugwedezeka kuposa ya njerwa yomangidwa mwacinyengo, cifukwa ndi yopepuka ndipo imapindika osathyoka msanga. Pambuyo pa zibvomezi za ku Karonga, boma la Malawi linatulutsa malangizo a kamangidwe kolimba ka nyumba wamba, oyenera munthu wa kumudzi. Zimenezi n'zotheka.

Mkwiyo wanga suli pa mai wamasiye amene waunjika njerwa kuti ana apeze pobisala mvula. Uli pa bwana amene ali ndi ndalama ya matailosi ndi geti yonyezimira, koma akana kugula zitsulo cifukwa sizioneka. Uli pa kontilakita amene alandira ndalama ya sukulu yonse, theka la simenti n'kukathera ku pulotu yake. Uli pa woyendera nyumba amene asaina pepala asanaone ngakhale maziko. Anthu amenewa sagwira mfuti, koma akukumba manda a anzao.

Tiyambe ndi nyumba ya Mulungu

Pano ndilankhula ndi ife eni ake a mpingo, ndipo akulu a mpingo andikhululukire ngati mau alasa. Ndi nyumba iti m'mudzi mwanu imene imasonkhanitsa anthu ambiri pansi pa denga limodzi? Ndi chalichi. Ndi nyumba iti imene iri ndi zipupa zazitali, mazenera akulu-akulu, ndi cipinda cacikulu copanda khoma lapakati? Ndi chalichi comweco. Nanga timacimanga bwanji? Caka cino mizere isanu ya njerwa, caka camawa mizere itatu, mmisiri wina ayamba, wina atsiriza, pulani iri m'mutu mwa wapampando. Mpingo ukakula tigumula khoma limodzi ndi kutalikitsa. Tipikisana ndi mpingo wa tsidya lija kuti nsanja ya belu yathu italike koposa. Ndiye pa tsiku lopatulira tipemphera kuti Mulungu aiteteze.

Kupemphera n'kofunika, ndipo sindidzaleka. Koma kumanga mosasamala kenaka n'kuuza Mulungu kuti agwirize khoma n'cimodzi-modzi ndi cimene Satana anapempha Yesu pamwamba pa Kacisi, kuti adziponye pansi poti angelo alipo. Yesu anakucha kumeneko kuyesa Mulungu. Pa Deuteronomo 22 pali lamulo la kamangidwe: womanga nyumba yatsopano anayenera kuika kampanda kuzungulira denga lake, kuti munthu asagwe ndipo mlandu wa mwazi usakhale pa nyumbayo. Mulungu amene anasamala za kampanda ka padenga sangakondwere ndi chalichi copanda zitsulo. Yosefe atadziwa kuti njala idzafika ku Ejipito sanangoitanitsa mapemphero a usiku wonse, anamanganso nkhokwe.

Acinyamata, ndinu amene mumaumba njerwa za mpingo, mumatunga madzi, mumakankha wilibala. Muli ndi ufulu wofunsa. Funsani mwaulemu mu msonkhano: Kodi pulani ya nyumbayi anaiona injiniya wobvomerezeka? Kodi mapoketi a simenti amene tinasonkhera analowa onse m'khoma? Kodi zitseko zimatsegukira kunja, ndipo kodi zonse zimakhala zosakhoma pa nthawi ya mapemphero? Ku sukulu zogonera komweko funsani kuti usiku, mazenera ali ndi zitsulo ndipo citseko n'cimodzi, ana makumi asanu adzatulukira pati. Wina adzakuuzani kuti kufunsa zotere n'kusowa cikhulupiriro. Muuzeni kuti n'kukonda mnansi.

Nthaka ikagwedezeka

Dziwaninso cocita, ndipo muphunzitse ang'ono anu ku Sande Sukulu. Mukakhala m'kati, gwadani pansi, lowani pansi pa tebulo, desiki kapena benchi yolimba, chingani mutu ndi khosi, gwiritsitsani kufikira kugwedezeka kutatha. Talikirani mazenera ndi makabati. M'chalichi kapena m'kalasi musathamangire ku citseko nonse pamodzi, cifukwa kupondana kumapha anthu ngakhale nyumba isanagwe. Ngati muli pakhomo peni-peni pa kanyumba kofooka ka njerwa zosaocha, tulukani mupite poyera. Mukakhala panja, talikirani zipupa, mipanda, mathanki a madzi ndi mawaya a magetsi. Kukatha, zimitsani mbaula ndi makandulo, tulukani modekha, werenganani, ndipo musabwerere kukagona m'nyumba yong'ambika, cifukwa zibvomezi zina zimatsatira. Uthenga woona mudzaumva kwa a Geological Survey Department ndi a Disaster Management and Mitigation Unit, osati kwa mlamu wa mnzanu pa Facebook.

Kumbukirani Paulo m'ndende ya ku Filipi. Cibvomezi citagwedeza maziko pakati pa usiku, mlonda anasokonezeka mpaka kufuna kudzipha. Anamupulumutsa ndi mau a munthu mmodzi amene sanataye mutu. M'banja mwanu, m'kalasi mwanu, munthu ameneyo akhale inu.

Ndipo inu amene mukusankha maphunziro, dziko lino lifuna odziwa za miyala, mainjiniya ndi amisiri oopa Mulungu. Ku University of Zambia amaphunzitsa za miyala ndi nthaka, ku Copperbelt University za zomanga-manga, ndipo m'masukulu a nchito za manja amaphunzitsa kuyala njerwa. Mnyamata kapena mtsikana amene akana kuba simenti ngakhale bwana wamuumiriza akutumikira Mulungu mofanana ndi amene aimba m'kwaya.

Kapena cacikulu cidzafika caka cino, kapena cidzapeza adzukulu anu. Nyumba zimene tikumanga lero ndi zomwezo zimene cidzazipeze. Pa msonkhano wanu wa acinyamata wa sabata ino, mutatha kuimba ndi kupemphera, tulukani nonse muzungulire chalichi canu. Yang'anani ngodya, yang'anani pamwamba pa mazenera, yesani zitseko. Zimene mupeze mulembe pa pepala, ndipo mupite nazo kwa abusa ndi akulu a mpingo muli gulu, pakuti mutu umodzi susenza denga.